Akufa Anabwera Kudzagula Kachasu Masana

Zaka zimenezo, msewu wa ku Msakambewa usanadzaze ndi njinga zamoto zanuzi, mlongo wanga Nachisale ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yake, m'munsi mwa phiri. Pitirizani kusoka fodyayo, ana inu, kumva sikufuna manja.

Anayamba ntchitoyi mwamuna wake atamwalira, ndipo iye mwini sankamwa, ngakhale thobwa likasasa ankalikana. Koma kale mowa sunkabwera m'timabotolo totseka ngati timene mukubisa m'matumbato, ayi. Wogula ankaopa kuthiridwa mankhwala, choncho mwambo unali wakuti mwini mowa alawe kaye wogulayo akuona. "Yambani ndinu, mayi, tione ngati muli bwino." Akabwera mmodzi, kulawa kamodzi. Nanga nyengo yogulitsa fodya, bwalo litadzaza, aliyense akuti yambani ndinu? Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tinadzangozindikira mlongo wanga akulawa m'mamawa, pabwalo palibe wogula ndi mmodzi yemwe.

Ine ndine wa mtima wapachala, mukundidziwa, ndipo ndinamukalipira mpaka mawu kusasa, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Amene anamugonjetsa ndi mwana wake Esinati, tsiku limene anabwera ndi khanda kudzaonetsa agogo ake. Nachisale anatambasula manja, manjawo akunjenjemera, ndipo Esinati anabweza mwanayo pachifuwa nati, "Amayi, mundigwetsera mwana." Tsiku lomwelo mlongo wanga anaswa mtsuko wotchezera ndi khasu, paipi n'kuponya m'chimbudzi. Tonse tinakondwa, osadziwa chimene chinkabwera.

Sipanapite masiku ambiri. Ndinapita kukamuona dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinamupeza pakhonde, thukuta lili kamukamu, maso ali pabwalo pomwe panali nkhuku zokhazokha.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "auzeni akhale pansi."

"Ndani?"

"A Gwaza ndi anzawo. Aima pamzere, makapu ali m'manja."

Ana inu, a Gwaza tinali titawaika m'manda chaka chapitacho, mimba itatupa ndi mowa. Mlongo wanga anayamba kutchula mayina mmodzimmodzi, akuloza ndi chala pamene aliyense waima, ndipo onsewo anali anthu amene ankamwa pabwalo lomwelo, onse ali kumanda. "Sakuyankhula," anatero. "Angotukula makapu. Akufuna ndiyambe ine." Kunali kowala, kutsidya amayi akusinja, koma ine ndinathamanga kukaitana anthu.

Mudzi unasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Ena ankati wamisala anaona nkhondo, imeneyi ndi mizimu ya anthu amene kachasu wake anawapha, tikathire mowa kumanda ipepesedwe. Ena ankati kuli sing'anga ku Ntchisi. Amayi a kutchalitchi anayamba nyimbo, Nachisale akukutumula nsalu yake, ati mwalowa linthumbu. Kenaka chidakwa china chinatulutsa kabotolo n'kunena kuti, "Mpatseni pang'ono chabe, muona alendowo achoka." Mlongo wanga analuma mano. "Ndikamwa, Esinati sandipatsa mwana." Atangotero anagwa chagada n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa.

Sindinafunsenso munthu. Ndinamanga ng'ombe pangolo, Esinati atanyamula mutu wa amayi ake pamiyendo, ulendo wa kuchipatala. Tikutsika chitunda Nachisale anatsitsimuka, nayang'ana kumbuyo n'kunong'ona kuti, "Akutitsatira." Ndikuuzeni zoona, ine sindinacheuke mpaka tinafika.

Namwino amene anatilandira sanadabwe n'komwe. Anati thupi likazolowera mowa kwa zaka, ukalimana mwadzidzidzi limanjenjemera, munthu amaona zinthu zomwe palibe, amakomoka, ndipo ena amafa kumene. "Kusiya wachita bwino, bambo," anandiuza, "koma munthu wofika pamenepa sasiya yekha kunyumba. Mukanachedwa, bwenzi tikukamba zina." Anamuika diripi, anamupatsa mankhwala omukhazika thupi, ndipo atatuluka ankabwererako kukalandira uphungu. Sizinayende myaa. Anagwako kamodzi n'kumwanso pamaliro ena, tinalira, koma m'mawa mwake anapempha yekha kuti timuperekeze kuchipatala. Anayamba kugulitsa zitumbuwa, ndipo mdzukulu uja anamubereka kumbuyo mpaka anayamba kuyenda.

Lero palibe amene amakuuzani kuti yambani ndinu, mumayamba nokha, ena musanamere ndi ndevu zomwe, ndipo zimandimvetsa chisoni. Sindikukunyozani. Ndikungoti mnzanu akafuna kusiya musamuseke, musamutsekere m'nyumba, ndipo akayamba kunjenjemera kapena kuyankhula ndi anthu amene inu simukuwaona, musataye nthawi ndi kukangana za mizimu, thamangirani naye kuchipatala.

Nachisale anakalamba osalawanso dontho. Chaka chimene anatisiya ndinamufunsa moseka ngati a Gwaza anasiya kumuyendera. Iye sanaseke. Anayang'ana pabwalo nati, "Masiku ena amabwerabe, achimwene, mtima ukandilemera. Ndimangowauza kuti pano mowa unatha."