Nyama Yaiwisi Youma

Lamlungu lina masana ku Leskovac, a Radivoje, amene anagulitsa nyama m'butchala yawo zaka makumi anayi asanapume, anali atangokhala pakhonde kuti ayambe masoseji asanu ndi atatu owotcha okha, pomwe mkamwini wawo Zlatko analowa pageti, thumba lonyezimira kumanja, sikelo kumanzere. Zlatko ntchito yake inali yoyendera masikelo m'misika, ndipo a Radivoje sankamvetsabe kuti mwa amuna onse a m'dzikomo, mwana wawo Tijana anatola bwanji ameneyu.

"Wadzayeza chiyani? Butchala ndinatseka kalekale."

"Ndabwera kwa Bucko, bambo."

Pansi pa tebulo, Bucko, galu wonenepa ngati pilo wa kuhotela, anatsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

"Sakulandira alendo lero."

"Wandituma ndi Tijana. Dokotala wa ziweto uja akuti kapamba wa Bucko watopa ndi mafuta. Asiye soseji, ayambe izi." Anakhazika thumba lija patebulo, pamodzi ndi pepala la malangizo.

"N'chiyani chimenechi?"

"Nyama yaiwisi youma."

"Yotani?"

"Yaiwisi youma."

"Sankhapo chimodzi, mkamwini."

"Ndi zonse ziwiri, bambo."

"Iwe, nkhuni zaziwisi ndimazidziwa. Zouma ndimazidziwa. Zaziwisi zouma zimapezeka ku Belgrade kokha, kumene anthu amalipira ndalama kuti akathamange pamalo amodzi."

"Amaiziziritsa mpaka igwire ayezi, kenako makina amayamwa madzi onse. Moto suikhudza n'komwe."

"Ndiye kuti ndi yosaphika."

"Eya."

"Yosawotcha."

"Eya."

"Yosawamba pautsi."

"Eya."

"Nanga amene akulandira ndalamayo wagwira ntchito yanji?"

"Yochotsa madzi."

"Chabwino. Podya?"

"Mumathiramo madzi."

A Radivoje anaika foloko pansi mosamala.

"Iwo achotsa madzi. Iwe wagula. Wabwera nayo kuno kuti uthiremonso madzi."

"Ofunda, bambo."

"Ooo, ofunda! Bwanji osanena kale!"

Zlatko anagwedeza mutu, wokondwa kuti apongozi amva msanga. A Radivoje ananyamula thumba lija ndi zala ziwiri, n'kuliponya m'mwamba, n'kuliwakha.

"Mulibe kanthu umu. Akubera sikelo, iwe wa masikelo iwe!"

"Ndinayeza. Analemba magalamu mazana anayi, koma muli mazana anayi ndi awiri. Atiwonjezera."

"Ha, anthu achifundo!"

Zlatko anang'amba thumba, n'kutulutsa kachibulumwa kofiirira, kopepuka ngati kachitsekerero ka botolo. Anagwada, n'kukasendeza pamphuno pa Bucko. Galuyo ananunkhiza, anayetsemula, anadzuka mwaulesi, anatembenuka, n'kugonanso atamulozetsa matako.

"Wayankha," anatero a Radivoje. "Moni kwa Tijana. Tseka geti potuluka."

"Sindingapite, bambo. Tijana wati masiku asanu ndi awiri. Akapanda kusintha, amutenga akakhale naye ku Belgrade."

"Ndani?"

"Bucko."

"Kunyumba yanu yosanja ija? Ya mumlengalenga ija?"

"Ya khumi ndi chimodzi kuchokera pansi. Koma chikepe anakonza."

A Radivoje anafuna kuseka, koma kuseka kunakana. Lachiwiri lapitalo Bucko anasanza kanayi, n'kugona cham'mbali osagwedeza ngakhale mchira, ndipo iwo anamunyamula m'manja mpaka kwa dokotala, atavala masilipasi, anthu akuwayang'ana. Galu ameneyu anabwera naye ndi malemu akazi awo, a Jagoda, ali kamwana kokwana m'thumba la jekete. M'nyumba monsemo ndiye yekha amene ankawayankha akamalankhula. Komanso iwo ankamudziwa bwino Tijana: anatengera mayi ake, akanena chinthu sabwerera.

"Werenga pepala lakolo," anatero mokwiya. "Mwachangu. Soseji akuzizira."

Zlatko anavala magalasi. "Tsiku loyamba. Chotsani kota ya chakudya chakale cha galu wanu, muikepo chatsopano." Anakweza maso. "Chakudya chake chakale ndi chiti?"

"Chomwe ndikudya ine."

"Lero?"

"Masiku onse."

"Mbale yake ili kuti?"

"Bucko alibe mbale. Si galu wa kwa aneba uyu."

"Nanga amadyera pati?"

A Radivoje anagogoda mbale yawo ndi chala. "Apa. Ine ndiluma, iye aluma. Chiyambire."

"Aha." Zlatko anayang'ana pepala, anayang'ana mbale. Anawerenga masoseji ndi chala. "Asanu ndi atatu. Zaphweka." Anatola awiri n'kuwaika pasikelo.

"Iwe! Ukutani?"

"Kota, bambo."

"Kota ya galu! Osati yanga!"

"Yanu ndi iti?"

"Yonseyi!"

"Ya galu?"

"Yonseyi... Aaa, iwe, usandizungulitse mutu!"

"Ndiye ndachotsa bwino." Zlatko anakulunga masoseji awiri aja m'pepala n'kuwalowetsa m'thumba la malaya. Pamalo pake anathirapo tizibulumwa khumi, n'kubwezera kamodzi m'thumba chifukwa sikelo inapitirira pang'ono. Kenako analowa kukhitchini n'kutuluka ndi ketulo.

"Ketuloyo ikupita kuti?"

"Madzi ofunda aja."

"Pambale yanga?"

"Pa kota yokha."

"Madzi amadziwa kota?"

Zlatko anathira mosamala kwambiri, lilime lili panja. Madzi sanadziwe kota. Anayenderera mbale yonse, masoseji asanu ndi limodzi otsala aja n'kuyamba kusambira, anyezi akuyandama pamwamba. A Radivoje anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Nkhumba imeneyi ndinaisankha ndekha. Ndinapera ndekha. Tsabola ndi wa m'munda mwanga. Lero yafa kachiwiri, ndi madzi."

"Tsopano papepala akuti mwini galu aoneke wosangalala. Galu amawerenga nkhope."

"Ndasangalala."

"Sizikuoneka, bambo. Sekererani."

A Radivoje anawerama pansi pa tebulo n'kuonetsa mano onse, enieni ndi oikirira. Bucko anayang'ana kamodzi, anadzuka msangamsanga n'kukabisala kuseri kwa mphika wa maluwa.

"Mwina muchepetse pang'ono," anatero Zlatko. "Theka."

"Ndikuchepetsa iweyo posachedwa."

Zlatko anavula wotchi n'kuiika pafupi ndi sikelo. Anakhala pampando, manja pamaondo.

"Tikudikira chiyani?"

"Mphindi khumi ndi zisanu."

"Zikatha?"

"Ndiwerenga zotsatira."

"Werengeratu pano."

"Sizinafike, bambo."

Anakhala. Ntchentche inabwera, inazungulira mbale, inapita. Kwa aneba kunkamveka masupuni ndi kuseka, fungo la nyama yowotcha likudumpha mpanda. Mimba ya a Radivoje inalira mokweza mpaka Bucko anasuzumira kuseri kwa maluwa. A Radivoje anatambasula dzanja kuti apulumutseko soseji mmodzi.

"Ayi, bambo. Mukachotsa mmodzi kota isokonekera."

"Ndili ndi njala!"

"Papepala akuti njala imathandiza."

"Imathandiza ndani?"

"Sanalembe."

Mphindi zitakwana, Zlatko anavalanso wotchi, anavalanso magalasi. "Akakana kudya, chotsani mbale. Asapatsidwe kalikonse mpaka nthawi ya chakudya chotsatira." Anaimirira, n'kunyamula mbale ija ndi manja awiri.

"Bwera nayo kuno!"

"Madzulo, bambo."

"Akunena galu!"

"Mbale ndi imodzi."

"Iwe Zlatko! Ine ndinakupatsa mwana wanga! Ndinapha nkhumba zitatu paukwati wako!"

"Ziwiri ndi theka. Theka linalo munagulitsa."

Anakalowetsa mbale mufiriji, n'kubwerera kudzakhala pampando pake. Patebulo panatsala sikelo, buledi, mchere, kabotolo ka rakija, kachasu wa maplamu yemwe a Radivoje ankatcheza okha, ndi thumba lija. Bucko anabwerera pansi pa tebulo, anatsamiritsa chibwano pa phazi la a Radivoje, n'kupuma mozama ngati wamasiye.

"Waona? Ukupha mwana wa eni ake. Ungadikire mpaka Khirisimasi, sadya. Bucko sadya chinthu chomwe sindinalume ine."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi galu wa m'butchala. Amafuna umboni."

Nkhope ya Zlatko inawala. "Bwanji simunanene? Ndiye lumani."

"Ndani?"

"Inu."

"Ine? Radivoje? Chakudya cha agalu?"

"Kapena ndilume ine?"

"Iwe umadya saladi popanda wokukakamiza. Angakukhulupirire ndani?"

"Ndiye mwatsala inu nokha."

"Sindiluma."

"Chabwino." Zlatko anatulutsa kabuku n'kulemba. "Tsiku loyamba: wakana."

"Ndani wakana?"

"Onse awiri." Anatseka kabuku. "Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Ku Belgrade tamugulira kale kajuzi. Kachikasu."

"Kajuzi."

"Ndi tinsapato ta mvula. Tinayi."

A Radivoje anayang'ana pansi pa tebulo. Anayerekeza Bucko wa Jagoda atavala kajuzi kachikasu, ali m'chikepe, pakati pa anthu osapatsana moni. Anathira rakija m'kagalasi, anamwa kamodzi, anapukuta ndevu, n'kupisa dzanja m'thumba lija.

"Ukakauza munthu kumsika, Tijana akhala wamasiye."

"Sindikamba za ntchito ina pa ntchito ina, bambo."

A Radivoje anakweza kachibulumwa kuti Bucko aone. Anatseka maso. Analuma. Khwaa!

Zlatko anagwada kuyang'ana galu. "Akuona, bambo! Tsopano lavulani mumupatse chotsalacho."

A Radivoje sanalavule. Anatafuna. Anaima. Anatafunanso pang'onopang'ono, maso ali kudenga, monga ankachitira alimi akabwera ndi nyama yoti awagule.

"Nkhosa," anatero.

"Eya, analemba."

"Khala chete. Yaing'ono. Sinathe chaka. Muli mtima... muli chiwindi... mapapo pang'ono." Anameza. "Ya kumapiri iyi. Inkadya udzu weniweni. Anaipeza kuti? Ine nkhosa yotere ndinaiona komaliza ndisanamere imvi."

"Bambo, papepala sanalembe kuti mumeze."

"Mchere wachepa." Anatenga kena, anakathira mchere, n'kuponya m'kamwa. "Eee. Ukuona tsopano? Amene anapanga izi si chitsiru. Chitsiru ndi amene amathiramo madzi."

"Pathumbapa ajambula galu."

"Pa paketi ya mkaka amajambula ng'ombe. Amamwa ndi ng'ombe?"

Zlatko anatembenuza pepala kufuna yankho kuseri kwake. Kunalibe.

A Radivoje ananyema buledi. Anathiranso rakija. Anakhuthulira tizibulumwa todzaza dzanja patebulo n'kuyamba kutola kamodzikamodzi. Khwaa. Khwaa. Bucko anadzutsa mutu. Anatuluka pansi pa tebulo, anakhala tsonga, n'kudikira gawo lake monga mwa masiku onse. Dzanja linatsika, linatola, linakwera, linamudutsa. Linatsikanso, linamudutsanso. Bucko anaika phazi pabondo la a Radivoje.

"Akupempha!" Zlatko ananong'ona. "Bambo, akupempha! Mupatseni!"

"Adikire. Wakana yekha pamene unamupatsa."

"Koma ndi zake!"

"Zake? Anatilozetsa matako apa, sunaone? Munthu wamwano sadya."

"Si munthu, bambo."

"Nkhosa yotere angaidziwe uyu? Amameza osatafuna. N'kuwononga." Khwaa.

Bucko analira kamawu kakang'ono. Kenako anakuwa. Galu amene zaka zisanu sanakwerepo ngakhale sitepe popanda kunyengereredwa anabwerera m'mbuyo, anadziponya pampando wopanda munthu, kuchoka apo n'kufika patebulo. Sikelo inagwa, buledi anagubuduka. Bucko anaseseratu tizibulumwa tonse ndi lilime, n'kulowetsa mutu wonse m'thumba.

"Akudya!" Zlatko anadumpha. "Akudya! Koma wapitirira kota! Bucko, kota yokha! Ili ndi tsiku loyamba!"

"Mugwire! Akunditheratu, wakuba uyu!"

A Radivoje anagwira thumba kumatako, Bucko analimbikira kukamwa kwake. Anakokana. Thumba linang'ambika, tizibulumwa tinamwazika khonde lonse, ndipo Bucko anatsika n'kuyamba kutithamangitsa kamodzikamodzi, mchira ukuzungulira ngati wa kamwana. Chiyambire Lachiwiri lija, mchira umenewo unali usanagwedezeke.

Zlatko anali kale pafoni. "Tijana? Zatheka. Tsiku limodzi lokha. Eya, akudya... ayi, sindinayeze, sikelo yagwa... Bambo? Ali bwino. Agwada pansi. Akutola."

A Radivoje anadzuka ndi tizibulumwa tinayi m'manja. Anatipemerera fumbi, n'kutibisa m'thumba la malaya, akuyang'ana Bucko ndi diso la munthu woberedwa. Anakhala pampando akupuma mwawefuwefu, n'kukodola mkamwini wawo ndi chala.

"Zlatko, mwana wanga."

Zlatko anacheuka kuyang'ana kumbuyo. Zaka zisanu ndi zinayi za ukwati, anali asanaitanidwepo choncho.

"Ine, bambo?"

"Vala magalasi. Taona bwinobwino papepala lakolo. Akuti galu timamuletsa bwanji kuba chakudya cha anthu?"