Bulangete la apongozi

Masiku amenewo, msewu wochokera ku Chipata usanaone phula, ine ndinali namwino ndekha pa kakiliniki kena kuseri kwa Msoro, ndipo ndikati ndekha musaganize za lero zoti wina ali pa sikelo, wina pa mankhwala, wina akuseweretsa foni. Sendezani mipandoyo mumthunzi, ana anga a sukulu ya unamwino. Mwandifunsa chimene ndinkaopa kwambiri pa ntchito, ndipo ndikuona mukudikira kuti nditchule njovu kapena ng'ona za mu Lupande. Ayi. Ine ndimaopa liwu limodzi lokha, liwu loti "bwino".

Ndinatsikira kuchigwa kuno ndi kalata ya boma, mtsikana wakumtunda, ndipo posakhalitsa ndinakwatiwa ndi mwana wa a Sakala, mkulu wina wofula njuchi m'tchire. Lero mumajambulitsa zithunzi ndi apongozi anu mutakolekana mikono, koma ife sitinkawayang'ana kumaso, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatukira mu udzu, kaya muli mame kaya muli njoka.

Dzinja lina apongozi angawo anadwala, thupi kutentha, mutu kuwawa. Ndinapita kwawo, n'kugwada pakhomo, maso pansi.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Bwino, amama," anayankha atapenya kukhoma. "Kamutu chabe."

Choyezera kutentha ndinapatsira mwamuna wanga kuti awaike m'khwapa, ine n'kuwerenga ndili panja. Ndinawapatsa kolokwini, poti nthawi imeneyo aliyense wotentha thupi tinkati ndi malungo, tinalibe tizipangizo tanu tobaya pachala. Koma musandikhululukire msanga. Kusukulu anatiphunzitsa kuti wodwala umamuona kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo ndinkatero kwa munthu aliyense, ngakhale mlendo wonunkha thukuta. Kwa apongozi okha ndinalephera. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Masabata anapita, ine kumangogwada pakhomo pomwe paja, iwo kumangoti bwino. Kenaka anayamba kugona masana, ndipo apongozi aakazi anandithamangira akusekerera.

"Amake Misozi, mankhwala anu agwira! Akugona ngati khanda, kubuula kuja kwatha."

Mverani, inu amene mukulemba m'kabukumo: wodwala wobuula akadali ndi mphamvu, woopsa ndi amene wakhala chete. Tsiku limenelo ndinasuzumira pakhomo n'kuwaona atagona chikhalire, chimanga chootcha chili m'manja, china chili m'kamwa chosatafuna. Dzina la matendawo linandifika pakhosi: kaodzera, matenda obwera ndi ntchentche yoluma ija timati kashembe. Masiku amenewo mwa ofika kuchipatala tulo titayamba kale, obwerera ankakhala ochepa, ndipo jekeseni yake inali yaukali, inkaotcha mitsempha, ena inkawatsiriza yokha. Ndinachita mantha, ana anga.

Ndinkadziwa kuti pamene kashembe waluma nthawi zina pamatsala chilonda, ndipo ndikanachiona msanga tikanathamanga matenda asanakwere kumutu. Koma chilondacho, ngati chinalipo, chinali kunsi kwa bulangete la apongozi. Ndinazengerezanso masiku awiri, m'mawa namwino, madzulo mpongozi, ndikupemphera kuti akhale malungo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine anandivumbwitsadi.

Tsiku lachitatu, cha m'ma fotini awazi masana, ndinalowa m'nyumba muja osagwada.

"Amake Misozi, mwapenga?" anakuwa apongozi aakazi. "Mukulowa kuti?"

Ndinafukula bulangete, ndipo pantchafu panali chilonda chakuda, chozungulira, chitauma kale n'kuyamba kusupuka. Kuuma kwakeko ndi kumene kunandiuza kuti ndachedwa. Mwamuna wanga anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Aa, chimenecho? N'chakale, kashembe anawaluma kofula uchi. Tonse tinkachidziwa. Koma tikanakuuza bwanji za ntchafu ya atate?"

Pamenepo nkhalamba ija, imene inali italephera ngakhale kugwira chikho cha madzi, inatambasula dzanja pang'onopang'ono, n'kukoka bulangete, n'kudzifunditsa.

"Ndili bwino, amama," inatero maso ali chitsinzinire. "Tulukani."

Tinawanyamula pamachira, poti kuno ngolo ya ng'ombe kunalibe, ntchentche yomweyo inkatha ng'ombe, ndipo Lupande tinamupeza atadzaza, tinakhala pagombe tsiku lathunthu tikudikira bwato. Kuchipatala chachikulu anatenga magazi ndi madzi a kumsana, n'kupezamo tizilombo tikusambira. Adokotala anafunsa kuti anayamba kuwaona ndani wodwalayu, ndipo ine ndinaimirira mu yunifomu yanga yoyera n'kunena kuti ndine. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, ndipo kukanakhala bwino akanandimenya. Patapita masiku anayi apongozi anga anapitirira m'tulo momwemo. Pamaliro amayi ankanong'onezana kuti ndine mpongozi wopanda mwambo, ndinavula atate. Panalibe amene ananena kuti ndinachedwa kuwavula, ndipo mlandu umenewo ndausenza ndekha mpaka imvi izi. Akuluakulu sananame, manyazi anapha lambe.

Lero muli ndi mafoni, ambulansi imafika, mankhwala ndi ofatsa kusiyana ndi athu aja, ndipo ambiri amene ife tikanawalira inu mumawabweza kwawo akuyenda okha. Koma bulangete lija likadalipo m'nyumba iliyonse ya m'chigwa muno. Sindikuti mutaye ulemu, ayi. Wodwala akakhala m'bale wanu, itanani mnzanu amuone. Mnzanu akasowa, gwadani, pepesani, koma fukulani, chifukwa wokukwiyirani ali moyo mudzagwirizana naye chaka chamawa.

Ndipo musakhulupirire liwu lija. Taonani inu nomwe: pofika paja munandifunsa kuti ndaswera bwanji, ine n'kuti bwino, nonse munamwetulira n'kukhala pansi. Muli asanu, mayunifomu mbee, koma palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa chifukwa chake mwendo uwu ndaufunditsa bulangete dzuwa lonseli.