Mzungu Amene Ankalephera Kutsimphina

Chaka chachiwiri chibwerereni kuchokera ku Zambia, nyumba zambiri za kuno ku Fingoe zisanafoleredwe ndipo ana akuphunzirira pansi pa mtengo chifukwa shikola inalibe denga, kunabwera magalimoto awiri a anthu ojambula filimu. Inu zidzukulu zanga mumaonera mafilimu pa foni, aliyense payekha, koma ife tinkaonera kumsasa wa othawa nkhondo, anthu odzaza chisakasa, maso onse pa kawailesi kakanema kamodzi.

Filimu yawoyo inali yonena za anthu obwerera kwawo nkhondo itatha, ndipo popeza ine ndinaphunzirako sekondale ku Zambia, a ku administrasau, ku ofesi ya boma, ananditchula kuti ndikhale womasulira. Tsiku loyamba lomwelo, titaima pamsika, mayi wina wogulitsa mchere analoza mzungu wachikulire, wadazi, wa mphuno yopindika, n'kundikoka kapulana, nsalu imene ndinamanga m'chiuno.

"Komadre, si uja amafa uyu?"

Anali yemweyo ndithu. Tinamuonapo m'mafilimu kumsasa akuwomberedwa, akugwa pahatchi, akumira m'madzi, koma dzina lake panalibe wolidziwa. Anali a Lesita, a ku America. Podikira kuti mtambo uchoke padzuwa ankandifotokozera za moyo wawo, kuti kwawo ntchito inawasowa chifukwa nkhope yawo sinali ya munthu amene amakwatira mtsikana kumapeto kwa filimu, ndiye anapita ku Italy kukagwa pamahatchi, kenako ku Philippines kukakhala msilikali woipa, kenako ku Zimbabwe kukakhala dokotala, wansembe, chidakwa, chilichonse chimene chatsala. "Amayi," ankatero, "ine ntchito yanga ndi kutsegula chitseko kuti wamkulu alowe." Koma ine ndinkaona zina. Mpando wawo wopinda sankaukhalira, nthawi zonse umapeza pakhala nkhalamba, ndipo amayi ophikira gululo ankawadziwa mayina onse.

Tsono mverani za kunyumba kuno. Agogo anu aamuna a Domingo, amene ena mwa inu munawapeza akupala matabwa, masiku amenewo sankatuluka mumpanda. Titangobwerera anapita kukaona munda wakale wa bambo awo cha ku Chipera, n'kuponda mina, bomba lija lokwirira pansi, ndipo mwendo wamanzere anaudula pansi pa bondo. Chitulukireni m'chipatala sanapondenso pamsewu, kutchalitchi ayi, kumsika ayi. Anali mmisiri wa zitseko, ndipo Fingoe yense ankatseka pakhomo ndi masaka, koma zida zawo zinkangochita dzimbiri pansi pa bedi. Ankati safuna anthu aziwerenga miyendo yawo. Ine njala sindinkaiopa, ndinkaopa kuti munthu uja azimirira ndikumuyang'ana.

M'mawa wina a Lesita anabwera kudzanditenga, ndipo anapeza a Domingo akuchoka pakhonde kupita kunkhokwe ndi ndodo zawo ziwiri. Anavula chipewa, napereka moni, koma maso awo sanachoke pa ndodozo. Ine sindinaganizepo kanthu, ngakhale ndinkadziwa kuti m'filimumo iwo akhala dalaivala wa lole amene anaduka mwendo.

Mawa lake masana mlamu wanga Felisita, mlongo wawo wa a Domingo, analowa mumpanda ndowa ikadali pamutu.

"Mlamu, mzungu wanu uja munamubweretsa kuti adzaseke achimwene? Ali kuseri kwa msika, wamanga mwendo ndi mphira, akuyenda ndi ndodo. Kuyenda kwake, kupendeketsa mutu kwake, achimwene enieni! Amayi onse kumjigo aona."

Mukudziwa inu kuti kwathu kuno mwana wotsanzira wolumala amakwapulidwa pomwepo, ndipo mayi woyembekezera amayang'ana kumbali. Ndinafuna kumutseka pakamwa Felisita, koma mawu anali atafika kale pakhonde.

"Amake Rozita," anatero a Domingo, motsitsa mawu, "kamuitaneni."

Ndinapita kukawaitana. Pobwerera m'njira ndinawafotokozera a Lesita, ndipo anafiira mpaka padazi. Anati m'ntchito yawo kutsanzira munthu bwino ndi kumulemekeza, koma sanadziikire kumbuyo kawiri. Atafika anagwada pafumbi n'kupepesa, ine ndikumasulira.

"Muuzeni zopepesazo aziike pambali," anatero a Domingo. "Ayende ndione."

A Lesita anamanga mwendo, natenga ndodo, nayenda kuchokera pakhonde mpaka pankhokwe, mapewa m'mwamba, matako kumbuyo.

"Iii! Ndimayenda choncho ine? Ngati bakha?" A Domingo anafika poimirira. "Senyoro, thupi musaliike m'khwapa, mawa mudzuka manja atachita dzanzi. Liikeni m'zikhatho. Ndodo zitsogole, inu mutsate."

Anayesa kachiwiri, kachitatu, mpaka Felisita anatula ndowa kuti aseke bwino. Kenako a Lesita anapukuta thukuta n'kunena kuti pabwalo posesa apa akuthako, koma m'filimu ayenera kuyenda pamsewu wamiyala ndi kuwoloka ngalande ya pamsika, ndipo pamenepo amangogwa. Ndinamasulira mawuwo. A Domingo anayang'ana chipata nthawi yaitali, yaitali ndithu, kufikira ine ndinayamba kufuna mawu okanira m'malo mwawo.

"Ndipatseni malaya," anatero.

Ana inu, msewu uwu mukuuona ukudutsa njinga zamoto za okumba golide, tsiku limenelo unadzaza anthu mbali zonse. Koma panalibe amene ankayang'ana mwendo wopindidwa wa buluku la a Domingo, onse maso anali pa mzungu amene ankaphunthwa pa mwala uliwonse. Pangalande paja a Domingo anawoloka bwinobwino, koma a Lesita anagwa chagada, ndodo ina uku ina uko, fumbi kobo.

"Dzukani, senyoro!" anakuwa a Domingo. "Munthu wa miyendo iwiri kugonja kwa wa umodzi? Kwanu amakulipirani chiyani?"

Msika wonse unafa ndi phwete, ndipo mkati mwa kusekako bambo wina wogulitsa mbuzi anati, "A Domingo, poti mwatulukira, nanga chitseko changa chija?" Agogo anu anayankha osatembenuka, "Bweretsani matabwa, mukuona ndili ndi mwana wasukulu wouma mutu."

Maphunzirowo anatenga masiku asanu, ndipo tsiku lililonse a Lesita ankapeza malo atsopano owavuta, lero masitepe a tchalitchi, mawa matope a kumjigo, mkuja chitunda cha ku administrasau. Madzulo a Domingo ankabwera atatopa, akudandaula kuti sanaonepo munthu wosamva chonchi, koma ankadya n'kupempha zina.

Tsiku lojambula ndinaima pafupi ndi kamera. A Lesita anatsika pa lole, nayenda msewu wonse, nawoloka ngalande ija kamodzi kokha, osaphunthwa, osagwedezeka, ndipo nkhope yawo inali ndi manyazi omwe aja ndinkawaona kunyumba kwanga, moti misozi inanditsika. Atamaliza ndinawatsatira kuseri kwa galimoto.

"Senyoro, masiku onse aja munkagwa dala?"

Anamasula mphira kumwendo pang'onopang'ono, natikita bondo. "Amayi, ndagwa m'mayiko ambiri, ndipo kugwa ndiyo ntchito yokhayo imene ndimaidziwa bwino. Koma aphunzitsi anga musawauze."

Anachoka patapita masiku awiri, akuti ku South Africa kukuwadikira ntchito ya woweruza milandu wachinyengo. Filimuyo sinafike kuno, ndipo za iwo sitinamvenso. A Domingo anamanga kachisakasa kawo pamsika, ndipo kwa zaka zonse zija ankapita okha m'mawa n'kubwera okha madzulo, akuuza aliyense wobwera kudzagula chitseko kuti iwo anaphunzitsapo munthu wa ku America kuyenda. Ine sindinawauze mpaka tsiku limene tinawaika. Mwina ankadziwa, pakuti sanali munthu wopusa, koma sitinafunsane.

Masiku ano ndimaona achinyamata akathandiza munthu amayamba ajambula kaye kuti dziko lione. Sindikukudzudzulani, nthawi zinasintha. Koma mukadzapeza mnzanu wadzitsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi, musamangomupititsira chakudya ndi chisoni. Mufunseni chinthu chimene iye akuchidziwa kuposa inu, ndipo musafulumire kuchimvetsa.