Malemu Bisada ndi Mazira Amene Sanapse

Abuna Kuzimani, wansembe wathu, abale ndi anansi, amene tawagoneka panowa ndi a Bisada mwana wa Tadurusi, ang'ono anga. Anabadwa m'chaka cha 921 powerengera zaka za Ofera Chikhulupiriro, muno m'mudzi wa Birima, kuseri kwa tchalitchi chomwechi. Ine mundikhululukire, ndiyankhula chokhala. Mukudziwa nonse kuti miyendo yanga inafooka kalekale.

Malemu anaphunzira masalimo ndi zilembo pakhonde la tchalitchi, koma sanakhalitse. Bambo athu anawatenga kukawaphunzitsa ntchito ya mtundu wathu, yoswetsa mazira popanda nkhuku mu uvuni, nyumba ija ya zipinda yotenthetsa ndi moto. Anaigwira kuposa ine, ndipo ndinkachita nsanje. Ankatenga dzira, kuligunditsa pachikope, n'kudziwa ngati moto wa ndowe wachuluka kapena wachepa. Amayi ochokera midzi yakutali ankabwera ndi madengu a mazira n'kubwerera ndi anapiye.

Anakwatira mayi Dimiyana m'chaka chimene mtsinje unakana kusefukira. Mulungu anawapatsa ana anayi, natenganso atatu. Wotsala ndi Irini. Pampingo anali dikoni, woimba mokweza ngakhale mawu ake sanali okoma kwenikweni.

Popeza analibe mwana wamwamuna, anatenga Sawirusi, mwana wa mlongo wathu, namuphunzitsa zonse zimene sitiuza akunja. Chotero odziwa ntchitoyi pabanja pathu tinatsala atatu: malemu, ine, ndi Sawirusi. Nyengo ino ya kusala kudya itangoyamba, Sawirusi anapempha kukwatira Irini. Malemu anafunsa mwana wawo, mwanayo analira, ndipo iwo anakana. Ndinalipo. Anati, "Mphwanga, uvuni ndikhoza kukupatsa, koma mwana si dzira loti ndingoika pamene ndafuna." Sawirusi anapsompsona dzanja la amalume ake, natuluka.

Pamenepa mwambo umafuna ndinene za matenda. Malemu sanadwale. Dzana masana anagona m'kanjira ka pakati pa uvuni monga ankachitira nthawi zonse, ndipo mayi Dimiyana, pobweretsa mkate, anapeza utsi uli tho, amuna awo atauma. Asilikali a bwanamkubwa anabwera, anasuzumira pakhomo atagwira mphuno, nanena kuti nkhalamba inasonkha moto n'kuiwala kutsegula zibowo za padenga. Anadya mkate uja n'kumapita.

Ine zimenezo zikundikanika kumeza. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti mazira akafika pakati pa masiku ake, moto timazimitsa, chifukwa anapiye amakhala atayamba kudzifunditsa okha. Mazira aja anali atapitirira pamenepo. Moto unali utazima kale, ndipo malemu anandiuza okha. Nanga akanausonkheranji? Zibowo za padenga anazipeza zotsekedwa ndi nsanza ndi dothi, zotsekera kunja. Munthu wogona mkati satseka denga kunja.

Ena mwa inu mwakhala mukunong'ona kuti ndi mbala zodutsa, kapena ogulitsa ndowe amene anakangana nawo chaka chatha. Nanenso ndinafuna zikhale choncho. Ndiye dzulo ndinati andinyamule, akandiike mu uvuni muja. Ndinkayembekezera fungo la mazira opsa. M'chipinda chimene moto unayatsidwa munalibe dzira ngakhale limodzi. Onse anali atasamutsidwira kuchipinda chakumapeto, ataikidwa bwinobwino pamkeka, atafunditsidwa ndi madeya, khomo lake litamatidwa kuti utsi usalowe. Anayalidwa m'mizere yopingasa, kayalidwe ka bambo athu, kamene mabanja ena pano sachita.

Mbala siimvera dzira chisoni. Wogulitsa ndowe sadziwa kuti dzira likatenthedwa limafa. Amene anachita izi analimba mtima kupha munthu, koma manja ake anakana kuwononga mazira, chifukwa anaphunzitsidwa bwino. Amene anamuphunzitsa ndi awa tawagonekawa. Zimenezi zikundiwawa kuposa imfa yeniyeniyo.

Ndanena kuti odziwa tinali atatu. Mmodzi ali m'nsalu apa. Wina ndine, ndipo amene anandionapo ndikukwera denga aimirire anene. Dzina la munthu sinditchula pamanda, Abuna, musachite mantha.

Koma ndamva kuti akuluakulu agwirizana kale kuti masiku a maliro akatha, uvuni usazizire, mwana wamasiye asakhale yekha, zonse ziwiri zipite m'manja amodzi. Akuti n'zanzeru. Irini, mwana wanga, dzutsa mutu. Bambo ako anakana ali moyo. Tsopano bambo ako ndine, ndipo ndikukananso pamaso pa anthu onsewa. Uvuniwo uzizire ngati ukufuna.

Malemu atisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Asiya mkazi wawo, mayi Dimiyana. Asiya mwana mmodzi, Irini. Asiya mkulu wawo, ine, ndi mlongo wawo, mayi Tawudora, amene ndikuwapempha andikhululukire chifukwa cha lero. Asiya mphwawo, Sawirusi, amene anakumba manda ano ndi manja ake ndipo sanayang'ane kuno chiyambire kuyankhula kwanga. Asiyanso anapiye, amene aswedwa m'mawa uno, onse amoyo.

A Bisada, ang'ono anga, pumulani mu mtendere. Wosowa mtendere akhale wina.