Kanema wa ku Amereka pa siteji ya Migowi

Pa siteji ya Migowi, mayi Belita anali atakumbatira katoni yaikulu podikira matola. Bambo wina wonyamula tayala la njinga anawerama n'kuwerenga zolembedwa pakatonipo.

"Mayi, kanemayu wachokera ku Amereka?"

"Eya, watumiza mwana wanga, pamodzi ndi deki ya vidiyo ndi tepi yake. Ndikukalumikiza kusitolo kwa achimwene, kuli magetsi."

"Musayerekeze! Akaphulika ngati chimanga chokazinga. Magetsi athu mphamvu yake ndi yowirikiza kawiri kuposa a kumeneko."

"Iii! Nanga wa aneba, wochokera ku Joni, bwanji sanapse?"

"Ife ndi Joni magetsi ndi amodzi. Wanuyu mukamugulire thiransifoma ku Limbe, yochepetsa mphamvu."

"Ndikagula basi zatheka?"

"Kupsa sapsa, koma za kuno sazikoka bwino. Magetsi a ku Amereka amagunda mofulumira kuposa athu, ndiye makanema awo anawapangira liwiro lomwelo. Zithunzi za kuno zizingogudubuzika."

"Nanga tepi imene watumizayi?"

"Imeneyo ioneka bwinobwino, poti ndi yakwawo."

"Aaa, ndiye mwandidula mtima pachabe, bambo! Nkhani ndimamvera pawailesi. Ine ndikufuna ndione mdzukulu wanga akuyamba kuyenda patepipo. Basi ya ku Limbe imaima mbali iti?"