Mathalauza opinda kawiri

Pa siteji ya basi ku Kabwata, mayi wina anaima pafupi ndi bambo wa kofia yoyera amene anasenza mtolo wa mathalauza obiriwira.

"Ndinu atelala, bambo? Amenewa si a asilikali?"

"Ndi awo, mayi. Andipatsa kuti ndifupikitse miyendo. Simunamve pa wailesi? Onse amene anaphunzira mfuti ku Nashono Sevisi akuwaitananso."

"Ndamva. Nkhondo ya ku Rhodesia yosathayi! Mwana wanga Edmond anaphunziranso kumeneko, koma sangamutenge, akufuna zimphona. Iye amangondilekeza m'phewa."

"Chaka chatha ndinkapinda kamodzi. Sabata ino ndikupinda kawiri, m'chiuno namo ndikubweza."

"Bodza! Tambasulani imodzi ndione."

"Basi yabwera, mayi."

"Ipite. Mayo ine! Mukaipinda kawiri chonchi, msinkhu wa Edmond ndi womwewu. Bambo, musasoke. Kawauzeni kuti makina afa."

"Ndikakana ine, asoka telala mnzanga Abdulkadiri wa ku Chilenje. Apo ayi angomupatsa yaitali, azikapunthwa nayo mabomba akugwa."

"Ndiye mverani. Mupinde bwinobwino, ulusi wake ukhale wolimba. Mwana wanga amathamanga kwambiri, thalauza isakamugwetse."