Ngati N'kuyala Mabedi, Manja Anga Alipo

Monile mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndi inu atsikana mwadzaza kutsogolo kuno, mtendele ukhale nanu. Ine ndine Esnati wa ku Magodi, kwathu amati NyaZimba. Musawelame. Ndiyang'aneni bwinobwino, ndaimilila kuti mundione.

Ichi mukuona patsaya langa ndi moto. Ndili kamwana nyumba yathu yaudzu inayaka, udzu wamoto n'kundigwela mbali ino. Khutu linafota, mlomo unakokela m'mwamba. Anzanga anaiwala dzina langa, ankangoti Chipsela. Chipsela katunge madzi. Chipsela choka apo, ukuopseza mwana. Ndinaphunzila kumanga chitambala mopendeketsa kumutu, kuti chiphimbe theka la nkhope.

Ndi muno m'tchalitchi momwe, abale anga, tisanamizane. Mawu ndinali nawo, koma kwaya inkandiika kumbuyo kwa anyamata ataliatali. Mnyamata wina anandifunsila pamjigo ataima mbali yanga yabwino. Nditatembenuka kuti ndimuyankhe, anakumbukila kuti ng'ombe zake zalowa m'munda wa eni. Mpaka lelo akuzitulutsabe. Sekani, nanenso masiku ano ndimaseka. Koma tsiku limenelo ndinalila. Ndinafunsa Mulungu kuti, munandipulumutsilanji pamoto paja?

Adada atamwalila, ine ndi amama tinasamukila ku boma. Tinapeza benchi pamsika wa Lundazi, tikugulitsa nyemba ndi nshawa. Tinali ndi mng'ono wanga Tiwonge, mwana wa sukulu, atangotha msinkhu kumene. Ameneyo Mulungu anamuumba mosafulumila. Anthu akationa tili limodzi ankafunsa kuti, "Awa ndi a mimba imodzi zoona?"

Mukudziwa nonse zimene zimachitika akamabwela alendo akuluakulu a ku Lusaka. Msika umatsekedwa, tonse kubwalo kukavina. Mayi wina amene anali cheya wa azimayi a chipani kudela kwathu ndiye ankasankha atsikana okongola kuti aime kutsogolo, atavala zitenje zatsopano. Ine ntchito yanga inali kudzaza madzi m'madilamu kuseli. Mzele wa kutsogolo uja ndinkausilila, abale, ngati mmene mwana amasilila shuga.

Koma kuvina kukatha, pa atsikana aja ankapatulapo ena. Ankati apite kunyumba ya alendo akayale mabedi ndi kuthila tiyi. Kuyala mabedi. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake, ndipo aliyense ankakhala chete. Mwana wa mayi wa benchi loyandikana ndi lathu anapita kukayala mabedi, anabwelako ndi mimba, sukulu n'kuthela pomwepo. Palibe anafunsa kanthu.

Chaka chinacho chala chinaloza Tiwonge.

Kunali masana, dzuwa lili pamutu, galimoto ikudikila. Tiwonge anathamangila kumadilamu, n'kundigwila chitenje. Anati, "Asisi, ndikuopa. Asisi, musandisiye." Ndinayang'ana amama, amama akuyang'ana pansi. Ndinati, "Amama, yankhulani." Anati, "Mwana wanga, tikana bwanji? Atilanda benchi. Tidya chiyani?" Sindikuwaweluza ayi. Mkazi wamasiye, wopanda womuimila, mantha anali atamumanga pakamwa.

Pamenepo ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Mng'ono wanga akupita kukaonongeka ine ndikuona, ndipo ine ndine ndani? Chipsela wa kumadilamu. Ndinapemphela pemphelo lalifupi, maso otsegula. Ndinati, Ambuye, ngati pali chimene munandisungila, ndi lelo.

Ndinamasula chitambala. Ndinayenda mpaka kutsogolo, kumene sindinaimeko chibadwile, ndinagwada mwaulemu monga tinaleledwa. Ndinati, "Amayi a Cheya, Tiwonge ndi mwana, ntchito sadziwa. Ngati n'kuyala mabedi, manja anga alipo. Ngati ndi tiyi, ndimaphika bwino. Nditengeni ine."

Mayi uja anandiyang'ana ngati ndamuthila madzi. Anati, "Iwe Chipsela, wapenga? Alendo akaone nkhope imeneyo?"

Ndinakweza mawu kuti azimayi onse amve. Ndinati, "Amayi, kodi bedi amayala ndi nkhope?"

Mayi uja akanayankha chiyani? Akanati inde, anthu akanaseka. Akanati ayi, akanayenela kunditenga. Chinthu chimene tonse tinkabisa chinakhala poyela, dzuwa likuwala.

Kenako mayi wina anatuluka m'gulu, anagwila mwana wake padzanja, nati, "Wangayu m'mimba mwamuvuta." Winanso anatuluka. Amama anga, omwe aja oyang'ana pansi, anadzutsa mutu n'kukoka Tiwonge. Galimoto inanyamuka ndi amayi achikulile, odziwadi kuyala mabedi. Aleluya!

Manje musaganize kuti kumwamba kunagwa shuga. M'mawa mwake anyamata a chipani anabwela pamsika, anatitayila nyemba m'fumbi, anang'amba khadi langa la chipani, benchi n'kupatsa wina. Ananditcha mdani wa dziko. Ine, wogulitsa nshawa, mdani wa dziko. Tinabwelela ku Magodi chimanjamanja. Chaka chimenecho tinadya mango aawisi owilitsa, ine ndikulimila anthu m'minda yawo kuti Tiwonge asasiye sukulu. Njala inandipweteka, sindibisa. Koma chitambala sindinachipendeketsenso, ndipo manyazi anachoka osabwelanso.

Atsikana, tamvelani kuno. Sindikuti musasambe. Sambani, dzolani mafuta, lukani tsitsi, Mulungu sakonda uve. Koma amene akukuyang'anani nkhope chabe akukuyang'anani monga amayang'anila nkhuku pamsika. Mzele umene ndinkaulilila uja unali wopita kumpeni, ine osadziwa. Amene Mulungu anakupatsani nkhope yosalala, yamikani, koma musailole ikhale mtengo wanu. Amene mumathawa kalilole ngati ine, lekani kulila. Tsiku lija azimayi osalala analipo odzaza bwalo, koma Mulungu sanafune tsaya. Anafuna mtima woti uimilile. Iye amayang'ana m'kati, ndipo za m'katizo moto suzifika, ukalamba suzikwinya. Chifundo, choonadi, kusaopa munthu, kukongola kwake n'kumeneko.

Lelo ndimalima chimanga ndi mpendadzuwa, ndili ndi ng'ombe zanga zapagoli. Sindinakwatiwe, ndipo wina asandimvele chisoni, ndimagona tulo tabwino. Amama anapita kwa Ambuye ali m'manja mwanga. Tiwonge anamaliza sukulu, ndi mphunzitsi, anakwatiwa ndi mwamuna amene anamusankha yekha. Uyo wakhala apo akulila. Leka kulila iwe, ukundichititsa manyazi. Ana ake amakwela pamiyendo panga n'kumandisisita tsaya ili, ndipo palibe amene amathawa.

Ndikuyamika Mulungu amene ananditulutsa m'moto. Ndikuyamika kuti sananditaye pamene anthu ankandiika kumbuyo. Yewo chomene, Abusa, pondilola kuima pano, chifukwa ndikudziwa kuti masiku ano makoma ali ndi makutu. Ndipo ngati muno muli wina amene wabwela kudzamvetsela kuti akanene, m'bale wanga, Mulungu akudalitse, pita ukanene. Ukanenenso kuti chala chikadzaloza mwana wa wina, ndidzagwada pomwe paja n'kufunsa funso lomwe lija. Sadzavutika kundipeza. Nkhope ngati iyi ilipo imodzi m'Lundazi yonse.

Ambuye alemekezeke. Amen.